Fumbi la Harmattan: kuzizira kwake kusakunyengeni

Abale amene muli m'mizinda ya kumadzulo kwa Africa monga Kano, Niamey, Ouagadougou kapena Accra pa sukulu kapena pa geni, Harmattan imayamba chakumapeto kwa Novembala mpaka mu Malichi. Ndi mphepo youma yochokera ku chipululu cha Sahara, ndipo fumbi lake lambiri limanyamuka ku Bodélé m'dziko la Chad, pamene kalekale panali nyanja yaikulu. Mukadzuka m'mawa kunja kuli mbuu, dzuwa lofooka ngati mwezi, patebulo pali fumbi losalala ngati ufa wosefa ngakhale munapukuta dzulo.

Ambiri amakondwa kuti kwazizira. Zoonadi, fumbi limatchinga dzuwa, pansi sipatentha kwambiri. Koma fumbi lomwelo limamwa kutentha kumwambako, mpweya wam'mwamba nkufunda pamene wapansi uli wozizira. Mpweya wozizira ndi wolemera, sukwera. Mzinda umakhala ngati mphika wovundikira: utsi wa magalimoto, wa majenereta, wa mbaula ndi wa zinyalala umangoyendayenda pansi pomwe mwana wanu akupuma, makamaka m'mamawa ndi madzulo mphepo ikaleka. Choncho ngati mumathamanga m'mbali mwa msewu kukangocha, masiku amenewa lekani kaye. Zinyalala musatenthe, chonde.

M'nyumba kolopani, musasese pouma. Mukafuna kusesa pabwalo, wazani madzi kaye. Tsekani mazenera fumbi likachuluka, pansi pa chitseko muyale chiguduli chonyowa. Potuluka, masiki ya N95 ndiyo imagwira tinthu tating'onoting'ono tolowa mpaka m'mapapo. Kansalu wamba kamangothandiza pang'ono. Wodwala mphumu ayende ndi mankhwala ake m'thumba. Imwani madzi musanamve ludzu, milomo ndi zidendene muzipaka mafuta zisanang'ambike.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi matenda oumitsa khosi. Mpweya woumawu umakanda m'mphuno ndi kukhosi, tizilombo nkupeza polowera, ndipo miliri yake kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia imabuka nyengo yomweyi. Mliri wa 1996 ndi 1997 unapha anthu pafupifupi 25,000. Katemera alipo, kabayitseni ngati simunabayitse kale. Mwana akatentha thupi, mutu ukumupweteka kwambiri, khosi lauma kapena akudana ndi kuwala, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.