Momwe mungajambulire zithunzi zokoma za paulendo ndi foni yanu yomweyo

Ulendo wanga woyamba wa ku Senga Bay ndinabwerako foni itadzaza zithunzi, koma panalibe ngakhale chimodzi choti n'kuonetsa mlendo. Nyanja inali yopendekeka ngati madzi akufuna kutayikira kumanzere, nkhope za anzanga zili bii, thambo lili mbee ngati pepala. Mlandu wonse ndinausenzetsa foni. Patapita chaka ndinagula ina yodulirapo, zithunzi n'kutuluka zomwe zija. Apo m'pamene ndinavomera kuti wolakwa anali mwini foni. Zimene ndikulemba apa ndaziphunzira mwa kuphonya kambirimbiri, ndipo zimagwira ntchito kaya m'thumba mwanu muli Itel, Tecno kapena Samsung.

Yambani n'kupukuta galasi

Anthu amaseka ndikayambira pamenepa. Koma taganizani kumene foni yanu yadutsa lero: m'thumba la thalauza, m'manja amene angochoka pachiwaya, pa tsaya la thukuta. Kagalasi ka kumbuyo kaja kamadzala mafuta, ndipo chithunzi chimatuluka cha mbuu ngati mwajambulira m'khitchini ya utsi. Pukutani ndi nsonga ya malaya a thonje kapena chitenje chofewa. Mukakhala kunyanja muyambe mwauzirapo kaye, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakhoza kukanda galasi mpaka kalekale.

Kenako lowani mu Settings ya kamera, muyatse grid. Pasikirini padzaoneka mizere inayi, iwiri yoimirira ndi iwiri yogona. Siituluka pachithunzi, ntchito yake tiiona posachedwa. Muli komweko, zimitsani kachidindo kamene kamalemba dzina la foni pakona pa chithunzi chilichonse. Kampani ija mulibe nayo ngongole yoti muziitsatsira malonda pa nkhope ya agogo anu.

Dziwani kumene dzuwa likhale musananyamuke

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Dzuwa la masana, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 3 koloko, ndi mdani wa kamera. Limatsika molunjika pamutu, maso a munthu n'kusanduka maenje akuda, mchenga n'kumathobwa m'maso, mapiri n'kuoneka afulati ngati ojambulidwa pabolodi. Kuwala kokoma kumabwera dzuwa likangotuluka ndi pamene latsala pang'ono kulowa. Nthawi imeneyo limawomba cham'mbali, mithunzi imatalika, ndipo mzere uliwonse wa m'munda, khwinya lililonse la phiri limaonekera.

Kwathu kuno nthawi imeneyi ndi yaifupi. Mu Novembala ndi Disembala dzuwa limatuluka itangokwana 5 koloko, mu Juni ndi Julayi cha m'ma 6. Madzulo likangolowa, mdima suchedwa. Wofuna kuyamba wasamba, wamwa tiyi, adzapeza zonse zitatha.

Tsono funsani kuti gombe limene mukupitalo layang'ana kuti. Ine tsiku lija ku Senga Bay ndinakhala pamchenga madzulo onse kudikira kuti dzuwa limire m'nyanja, ilo n'kukalowera kumbuyo kwanga, kumtunda. Ku Salima, Nkhotakota, Chintheche ndi Nkhata Bay nyanja ili kum'mawa, ndiye chithunzi chanu chili m'bandakucha, nthawi yomwenso asodzi a usipa akukocheza ndipo amayi akuthamangira kugombe ndi mabeseni. Ofuna dzuwa lolowera kumadzi apite ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, kumene gombe linatembenukira chakumadzulo ndipo chilumba cha Thumbi chimaima patsogolo ngati chakonzedwera kamera. Ku Mulanje, khoma lalikulu la mwala la Chambe linayang'ana kumadzulo, choncho kuchokera kumbali ya Likhubula limayaka bwino dzuwa likapendeka.

Nyengo nayonso ili ndi mawu ake. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula yoyamba, mlengalenga mumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Mukakwera phiri la Zomba mu Okutobala n'kukaima pa Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho Haile Selassie wa ku Ethiopia atafikapo mu 1965, mudzangoona chimbuuzi chokhachokha. Bwereranipo mu Epulo kapena Meyi mvula itatsuka mlengalenga, mudzaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zili poyera. Sikuti miyezi yotentha ndi yotaya ayi. Utsi womwewo umafiiritsa dzuwa ngati khala la moto, moti mukhoza kulijambula lonse lozungulira, ndipo ndi nthawi yomwe mitengo ya jakaranda imachita maluwa m'misewu ya Blantyre. Chiperoni chikagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje m'miyezi yozizira, musabise foni. Minda ya tiyi ili m'chifunga imakoma kuposa ili padzuwa, bola foniyo muziibisa m'jumbo pakati pa chithunzi ndi chinzake.

Sankhani chinthu chimodzi, kenako yendani

Musanadine, dzifunseni kuti chakuimitsani n'chiyani. Bwato? Mlambe? Mtambo umene wakhala pamutu pa phiri? Chithunzi chofuna kunyamula zonse chimabwera chopanda kanthu.

Mizere ya grid ija igwire ntchito tsopano. Mzere umene nyanja yakumana ndi thambo ugone ndendende ndi umodzi wa mizere yogona. Ngati kukongola kuli kumitambo, ikani nyanjayo pamzere wa m'munsi kuti thambo litenge malo ambiri. Ngati kuli pamchenga ndi mabwato, ikwezeni pamzere wa m'mwamba. Chinthu chanu chachikulu chija chiikeni pamene mizere yadutsana, osati pakatikati ngati chithunzi cha pachiphaso.

Kamera ya foni imaona motambalala, ndiye chilichonse chakutali chimachepa. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatha kutuluka ngati chulu. Mankhwala ake ndi kuika chinthu chapafupi patsogolo: wa kabaza akudutsa, mayi atasenza nkhuni, mizere ya tiyi yolowera kuphiri, ngakhale mnzanu atakufulatirani. Diso likaona munthu, limadziwa lokha kukula kwa phiri. Msewu wokhotakhota, monga wotsikira ku Golomoti kapena wokwera ku Livingstonia, umachita ntchito yomweyo yokokera diso mkati mwa chithunzi.

Zoom ya zala ziwiri isiyeni. Pa mafoni ambiri imangodula chithunzi n'kuchikoka, n'chifukwa chake mvuu ya ku Liwonde imatuluka ngati dontho la phala. Ngati foni yanu ili ndi batani la 2x lokhala ndi galasi lakelake, limenelo gwiritsani. Apo ayi, zoom yanu ndi miyendo, kupatula pa mvuu ndi njovu, pamenepo vomerezani kuti chithunzicho chikhala cha mtsinje wa Shire. Yesaninso kunjuta. Bwato lojambulidwa mutagwada, foni ili pafupi ndi mchenga wonyowa, limasiyana kutali ndi lojambulidwa mutaima.

Uzani foni chimene mukufuna

Foni ikasiyidwa yokha imangoganizira. Gwirani pasikirini pamene pali chinthu chanu, kabokosi kapena kamkombero kadzaoneka, ndipo pambali pake padzabwera kadzuwa kakang'ono. Kokerani kadzuwako pansi kuti chithunzi chidereko, m'mwamba kuti chiwale. Pojambula dzuwa likutuluka kapena kulowa, nthawi zonse ndimakatsitsa pang'ono. Mitundu ya thambo imabwerera, ndipo msodzi ali pabwato amasanduka mthunzi wakuda wooneka bwino m'mbali mwake. Malo akuda mukhoza kuwawalitsa pambuyo pake, koma thambo limene lapserera n'kuyera silibwereranso.

Ngati mukufuna nkhope ya mnzanu ioneke, musamuimike dzuwa lili kumbuyo kwake. Mutembenuzeni kuti kuwala kumugwere cham'mbali, kapena masana mulowetseni pamthunzi wa mtengo wa mango, pakhonde, pakhomo la golosale. HDR, njira ya mu kamera yolinganiza kuwala ndi mdima, imathandiza pamene mbali ina yawala kwambiri ina yada. Flash izikhala yozimitsa: siifika patali kuposa masitepe ochepa, ndiye kuiyatsira phiri n'kungotha batire.

Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira nthiti. Kukamada, kamera imafuna nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala, ndipo kunjenjemera pang'ono kokha kumawononga zonse. Usiku wopanda mwezi, nyali za asodzi zikandandalika panyanja ngati tauni yoyandama, tsamiritsani foni pamwala kapena pambali pa bwato, yatsani timer ya masekondi atatu, dinani, chotsani dzanja. Night mode ngati ilipo iyatseni.

M'minibasi zithunzi zambiri zimafa. Ngati mwakakamizika, khalani kuwindo, litsegulani, ndipo jambulani zakutali chifukwa zapafupi zimathamanga kwambiri. Foniyo igwireni zolimba, makamaka basi ikamaima pa siteji.

Anthu si mitengo

Zithunzi zimene ndimabwererako kukaziona kawirikawiri si za mapiri. Ndi za mnyamata akusoka ukonde chala chakuphazi chitakola chingwe, za usipa uli ngwee pathandala, za milu ya tomato ndi kabichi ku Lizulu. Koma pamenepa m'pamenenso ndinachitira manyazi aakulu. Tsiku lina pamsika wa m'mbali mwa msewu ndinangotulutsa foni n'kuloza mayi wina amene ankaunjika mbatata. Anaimirira, manja m'chiuno.

"Achimwene, mwandipatsa moni? Chithunzi changacho mukachigulitsa kuti?"

Msika wonse unatembenuka. Ndinapepesa, ndinafufuta iwo akuona, ndinagula mulu wa mbatata umene sindinkaufuna. Chodabwitsa n'chakuti titacheza pang'ono anandiuza okha kuti, "Tsono jambulani bwinobwino, ndikonze kaye duku."

Kuyambira pamenepo dongosolo langa ndi ili. Foni ikhale m'thumba. Moni kaye, mayi, bambo, agogo, monga mwa msinkhu wawo. Gulani kanthu ngati akugulitsa. Nenani chimene chakusangalatsani ndi kumene chithunzicho chipite, ngati ndi pa Facebook nenani poyera. Akakana, thokozani muzipita. Akalola, chithunzi choyamba adzaima chilili ngati msilikali, chijambuleni ndithu, muwaonetse, aseke. Kenako apempheni apitirize ntchito yawo, inu mudikire. Pakapita mphindi zingapo amakuiwalani, ndipo chithunzi chenicheni chimabwera pamenepo. Dinani kangapo motsatizana, chifukwa pa zisanu chimodzi chokha n'chimene dzanja, diso ndi beseni zimakhala pamalo pake.

Pali malo amene foni siyenera kutuluka n'komwe. Kugombe kumene anthu akusamba, ayi. Ana a eni, pokhapokha kholo lavomera. Pamaliro, pokhapokha eni mbumba akupemphani. Gule wamkulu mukakumana naye panjira musathamangire kujambula, ndipo pabwalo funsani kaye kwa amfumu kapena akuluakulu oyang'anira mwambowo, n'kutsatira zimene anena, kuphatikizapo kufupa. Malo a asilikali, nyumba za boma zotetezedwa ndi pa rodibuloko ya apolisi, pitani foni ili m'thumba.

Mukafika kunyumba

Fufutani mopanda chisoni. Pa zithunzi khumi za bwato limodzi sungani chimodzi kapena ziwiri. Zotsalazo zikonzeni pang'ono ndi zida za mu Gallery kapena ndi Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google. Yambani n'kuwongola nyanja ngati yapendekeka, dulani m'mbali mmene mwalowa jumbo kapena chigongono cha munthu, kwezani pang'ono malo akuda. Pa mitundu dzanja lipepuke. Ndaona zithunzi za ku Nyika udzu uli wobiriwira ngati penti ya pageti, thambo ngati buluu wochapira. Aliyense amene anafikako amadziwa kuti si choncho.

Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imafinya chithunzi kuti bandulo isathe msanga. Cha pa status zilibe kanthu, koma chimene mukufuna kukatsukitsa chitumizeni ngati Document kuti chifike chathunthu, kapena pitani nayo foniyo ku studio akachotse ndi chingwe. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memory card imafa osatsanzika, choncho zithunzi zimene mumazikonda zikhale malo awiri. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, imene imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Google Photos, ndipo mukapeza Wi-Fi mukhoza kukweza zosankhidwazo osawononga bandulo. Ngati munalonjeza mayi wa mbatata uja kuti mudzamubweretsera chithunzi chake, tsukitsani chimodzi cha saizi ya positikhadi, muchiike mu envelopu m'chikwama chimene mumayenda nacho, pamodzi ndi power bank yotchaja kale.