Ntchito ikakufoolani, musathamangire kulemba kalata yosiya

Ngati mukudzuka m'mawa mutatopa kale, foni ya abwana ikangolira mtima n'kuyamba kugunda, yambani mwapempha tchuthi. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka masiku 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu, malipiro osadulidwa. Ambirife kuno ku Ntcheu sitipempha n'komwe, kuopa kutchedwa aulesi. Werenganinso maola anu: malire ndi 48 pa sabata. Abwana akakukanizani tchuthi, kadandauleni ku ofesi ya leba pa boma. Tulo tikamasowa milungu ingapo, pitani kuchipatala akakuyezeni BP.

Pobwerera kutchuthi, dzifunseni chikukufoolani n'chiyani. Ngati ndi kuchuluka kwa ntchito, khalani pansi ndi abwana mugawane bwino. Koma chikakhala chipongwe, kapena malipiro ochedwa mwezi ndi mwezi, ine ndimati yambani kusaka ina mwakachetechete, mukugwirabe.

Wolandira pamwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo wosiya yekha asayembekezere ndalama ya severance, ija imaperekedwa kwa wochotsedwa ntchito popanda kulakwa. Amene mukulota geni ya kachewere pa Lizulu, yesani kaye Loweruka lokha, makamaka nyengo yokolola mitengo itagwa, muone ngati phindu lake lingalipire lendi ndi fizi.