Thumba la maphunziro m'dzina la makolo

Kuno ku Mangochi alipo mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Mozambique nkhondo isanathe mu 1992, nakhazikika, nathandiza kuumba njerwa za sukulu ndi kukumba zitsime. Ngati mukufuna kuwakumbukira polipirira mwana ku yunivesite, yambani ndi mwana mmodzi yekha.

Digiri yambiri imatenga zaka 4, ya udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) kuposa pamenepo. Kumusiya mwana m'chaka chachiwiri n'kumupweteka kwambiri, choncho werengerani zaka zonse musanalonjeze. Siyani malo oti fizi ingakwere. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Musaiwale lendi ndi chakudya, chifukwa kawirikawiri ndi zimene zimabweza ana kumudzi, ngakhale amene anapeza ngongole ya boma.

Tsegulani akaunti yosainira anthu atatu, ndipo abale a ku Joni azitumiza komweko. Fizi muzilipira mwachindunji ku yunivesite, risiti n'kusunga.

Posankha, funsani aphunzitsi aakulu a masekondale oyendera (ma CDSS) akwanu, ndipo mwanayo asakhale wachibale. Wosankhidwayo mum'patse tsamba limodzi lofotokoza kumene malemu anachokera ndi zimene anachitira mudzi.