Mukapatsidwa anthu oti muwayang'anire m'boma: zomwe ndinaphunzira kwa anzathu a ku India

Mwana wa achemwali anga wangokwezedwa kumene, tsopano ali ndi anthu 14 pansi pake mu ofesi ina ya boma kuno ku Mzuzu. Loweruka lapitali anafika kwathu ku Katoto m'mamawa nkhungu isanachoke, n'kundifunsa kuti, "Amalume, ndiyambire pati?" Ndinagwira ntchito yoyang'anira anthu m'boma zaka 28 ndisanapume. Zomwe ndinamuuza pakhonde paja ndaganiza zozilemba, poti ambiri amapatsidwa mpando popanda wowalangiza.

Zambiri ndizitenga ku India. Ndinakachitako maphunziro a masabata angapo kudzera mu ITEC, ndondomeko ya boma la India yophunzitsa anthu a m'maiko ena, ndipo kuyambira pamenepo nkhani zawo ndimazitsatira. Ife ndi iwo tinatengera kwa Angelezi kayendetsedwe kamodzimodzi: fayilo, registry (chipinda chosungira makalata ndi mafayilo), magiredi, bwanamkubwa wa boma lililonse amene ife timati DC iwo n'kumati Collector. Polemba anthu ntchito, iwowa salakwitsa. Mayeso a UPSC, bungwe lawo lolemba anthu ntchito m'boma, amalembetsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi pachaka, koma osankhidwa amangokhala cha m'ma 1,000, ndipo ambiri mwa okhoza kwambiri amalowa mu IAS, gulu la akuluakulu oyendetsa ntchito za boma, n'kukasulidwa ku Mussoorie kumapiri. Komabe makomiti awo omwe, kuphatikizapo ya Veerappa Moily yomwe inakhazikitsidwa mu 2005 n'kutulutsa malipoti 15, akhala akubwerera pa bala limodzi: munthu amasankhidwa bwino, koma akalowa, kasamalidwe kake n'kosalongosoka. Mbewu ndi yabwino, munda ndiye wosapalira.

Tsiku loyamba gulani buku la chikuto cholimba mumsika. Lembani manambala pa masamba onse, ndipo musadzang'ambemo tsamba ngakhale limodzi. M'bukumo muzilemba lamulo lililonse lomwe mwalandira pakamwa kapena pafoni: tsiku, nthawi, wolamula, ndi mawu ake. Tsiku lomwelo tumizani loose minute (kakalata ka mkati mwa ofesi) yaifupi, yaulemu, yonena kuti, "Bwana, potsatira foni yanu ya lero 10 koloko, ndamva kuti mwalamula zakutizakuti. Ndikupempha mutsimikize." Kope imodzi ilowe mufayilo.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno izi zimaoneka ngati mwano. Timaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri. Koma ndinaonapo bambo wina woyang'anira sitolo, munthu wofatsa wa ana asanu, atatulutsa matumba 40 a simenti chifukwa foni inalira kuti "zachokera kumwamba". Patatha miyezi isanu ndi itatu owerengera za chuma anafika. Woimba foni uja anakana kwamtuwagalu. Bamboyo anaimitsidwa ntchito, ndipo kalata yake ndinalemba ndine. Anaiwerenga ataimirira, chipewa chili m'manja, n'kungoti, "Bwana, inu mukudziwa kuti sindinabe." Ndinkadziwadi, koma panalibe pepala loti ndimuikire kumbuyo nalo. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa.

Ku India vutoli linafika kukhoti lalikulu kuposa onse, la Supreme Court. T.S.R. Subramanian, amene anakhalapo mlembi wamkulu wa nduna, pamodzi ndi anzake opuma ntchito oposa 80, anasumira boma, ndipo pa 31 October 2013 khotilo linagamula kuti ogwira ntchito m'boma asamagwire ntchito potsatira malamulo apakamwa. Ngati zinthu zinali zachangu, lamulolo lilembedwe pambuyo pake. Ndiye mukamapempha kalata musachite manyazi. Komanso kumbukirani kuti inunso tsopano ndinu "kumwamba" kwa anthu ena. Mukatuma dalaivala kapena kalaliki chinthu chokhudza ndalama, mafuta kapena katundu, mulembereni kapepala musanapemphedwe.

Tsopano nkhani ya transifa, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse.

Kunali mkulu wina wa IAS wotchedwa Ashok Khemka, wa m'chigawo cha Haryana, amene anasamutsidwa koposa ka 50 m'zaka zoposa 30 za ntchito yake, kangapo konse atangoletsa kapena kufufuza nkhani zokhudza anthu amphamvu. Mukawerengera, ndiye kuti mpando uliwonse ankakhalapo miyezi yochepa chabe. Munthu wotere angamalize chiyani? Akamadziwa kumene komwe kuli makiyi a kabati, kalata yafika. Chigamulo chomwe chija cha 2013 chinalamulanso kuti pakhale nthawi yokhazikika yoti munthu akhale pampando, komanso kuti kusamutsa kuzidutsa mu bodi ya akuluakulu a ntchito osati pakamwa pa wandale mmodzi. Mu 2014 malamulo awo anasinthidwa kuti nthawiyo isachepere zaka ziwiri. Zigawo zambiri zakhala zikuzengereza kutsatira, poti transifa ndi chikwapu chomwe wandale safuna kuchitaya.

Chikwapuchi chimakondedwa pa chifukwa chimodzi. Gawo 311 la malamulo aakulu a India limateteza wogwira ntchito m'boma kuti asachotsedwe popanda kufufuzidwa ndi kumvedwa mbali yake. Chitetezocho n'chabwino, koma njira yake ndi yaitali, choncho bwana waulesi amathawira ku njira yachidule: msamutseni. Wolimbikira amene wakana zachinyengo amasamutsidwa, waulesi amene watopetsa anthu amasamutsidwanso. Mapeto ake antchito onse amaphunzira kuti chofunika n'kusakwiyitsa bwana, ntchito ikudza pambuyo.

Kuno kumpoto mawu ake timawadziwa: "Tikutumiza ku Nthalire." Ndimadana nawo mawu amenewa. Ku Nthalire, ku Likoma, ku Usisya kumakhala anthu, amafuna chithandizo chofanana ndi cha ku Area 47, ndiye ife n'kumawatumizira chidakwa chomwe tatopa nacho mutauni ngati kuti kwawoko n'kudzala.

Inu mwina mulibe mphamvu yosaina transifa, koma maganizo anu ndi omwe amapita kulikulu. Musanatchule dzina la munthu, lembani chifukwa chake m'mizere itatu m'buku lija, n'kugona kaye. M'mawa muwerengenso. Ngati chifukwacho n'chakuti kumeneko kukufunika luso lake, kapena wakhala malo amodzi zaka zambiri, pitirizani, ndipo mumuuze nokha pamaso kalata isanafike. Pemphani kuti kusamukako kugwe pa holide ya sukulu, chifukwa kuchotsa mwana wa Standade 8 pakati pa teremu n'kulanga wosalakwa. Koma ngati chifukwa chenicheni n'chakuti amajomba, amabwera ataledzera, kapena ndalama zimasowa m'manja mwake, imeneyo si nkhani ya transifa. Tsegulani MPSR, buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma la Malawi. Mulangizeni pakamwa n'kulemba tsiku. Akabwereza, kalata yochenjeza, ndipo mumpatse mpata woyankha. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lathu limapatsa munthu ufulu wopatsidwa zifukwa polemba pa chigamulo chomukhudza, ndipo milandu yambiri yomwe boma limaluza imagwera pa kudumpha masitepe amenewa. Njirayi ndi yotopetsa, inde. Imafuna miyezi. Koma ndi yokhayo yomwe imathetsa vuto m'malo molikweza basi kupita nalo kwa anzanu.

Munthu watsopano akabwera kwa inu kuchokera kwina, musamuweruze ndi mphekesera zomwe zamutsogolera. Enawo ndi anthu olungama amene anangokana kusaina chinthu.

Kenako appraisal, kuunika kagwiridwe ntchito ka munthu. Kale ku India lipoti la pachaka la wogwira ntchito linali lachinsinsi. Bwana ankalemba, mwini wake osaona, n'kumangodabwa anzake akukwezedwa iye ali pomwepo. Mu 2008, pa mlandu wa Dev Dutt, khoti lalikulu lija linati munthu ayenera kuuzidwa zonse zolembedwa mu lipoti lake kuti athe kudandaula. Lero amapatsana malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ndipo a IAS amadzaza pa intaneti. Koma pabuka matenda ena: poti mwini wake aona, mabwana amaopa kudana ndi anthu, ndiye ambiri amangopatsidwa malikisi apamwamba. Aliyense akakhala wopambana, lipoti silinenanso kanthu.

Ifenso matendawa tili nawo. Fomu imadzazidwa tsiku limodzi, pomwe intavyu ya pulomoshoni yayandikira. Mankhwala ake si fomu ina. Mu April, chaka cha boma chikamayamba, khalani pansi ndi munthu aliyense payekha, mugwirizane zinthu zitatu kapena zinayi zooneka ndi maso. Kwa kalaliki wa mu registry: kalata iliyonse ilembedwe m'kaundula tsiku lomwe yafika, ndipo fayilo ikaitanidwa ipezeke mphindi 10 zisanathe. Kwa dalaivala: log book idzazidwe ulendo uliwonse, makilomita agwirizane ndi mafuta. Miyezi itatu iliyonse mukumanenso, mphindi 20 zokha, chitseko chotseka, foni yozimitsa. Chofooka mumuuze pamenepo, mofatsa, ndi chitsanzo cha tsiku lenileni. Ndinaona mayi wina wa mu registry amene aliyense ankamunena kuti ndi waulesi. Titakhala pansi zinadziwika kuti maso anamuvuta, manambala a mafayilo sankawaona bwino, ndipo ankachita manyazi kunena. Atapeza magalasi anakhala munthu wodalirika kuposa onse m'chipindamo. Zaka zinayi anthu ankangomulembera "wapakatikati" popanda womufunsa. March akamafika, malikisi asakhale odabwitsa kwa aliyense, ndipo musaope kupereka 5 pomwe pakuyenera 5, bola chifukwa chake chilembedwe.

Za maphunziro ndingodutsapo. India inayambitsa Mission Karmayogi mu 2020 kuti antchito aziphunzira pa intaneti malinga ndi ntchito yomwe akugwira. Kuno vuto lathu ndi lakuti wekishopu imaonedwa ngati alawansi, ndipo amapita ndi okhaokhawo oyandikira bwana. Lembani ndandanda ya amene anapita kuti ndi liti, muipachike poonekera. Wobwera kumaphunziro afotokozere anzake Lolemba lotsatira.

Chinthu china chomwe ndinachikonda ndi lamulo la chigawo cha Madhya Pradesh la 2010. Linaika masiku oti ntchito ina iliyonse yotchulidwa ithere, ndipo wantchito wochedwetsa popanda chifukwa amalipitsidwa marupi 250 patsiku. Inu simungalipitse munthu, koma mutha kumata pepala pachitseko lonena kuti kalata yakuti imatenga masiku angati, ndipo ikachedwa munthu aonane ndi ndani. Agogo amene achokera ku Ekwendeni ndi ndalama ya minibasi ya ulendo umodzi ayenera kudziwa tsiku lenileni lobweranso, osati "mubwere mawa". Muyambe ndi ntchito ziwiri zokha zomwe mukutsimikiza kuti mungakwanitse, chifukwa pepala lonama limaononga kuposa khoma lopanda kanthu.

Mphwanga uja anandiimbira Lachitatu madzulo. Buku anagula, masamba 192, ndipo tsamba loyamba lalembedwa kale: foni inalira Lachiwiri kufuna galimoto ya ofesi ipite ku Nkhata Bay kumapeto a sabata. Loose minute anatumiza. Panthawi yomwe timalankhula yankho linali lisanabwere, ndipo ndinamuuza kuti makiyi akhalebe mukabati mpaka pepala lifike.