Momwe mungayendere ulendo wa njinga zamoto ndi galimoto mumchenga wa Salima ndi Nkhotakota n'kugona m'tenti

Amene amaonera mpikisano wa galimoto ndi njinga zamoto wa Dakar Rally, womwe kuyambira mu 2020 ukuchitikira m'chipululu cha Saudi Arabia, amalakalaka tsiku lina atathamangitsa njinga yamoto pamilu ya mchenga n'kukagona m'tenti kutali ndi magetsi a m'tauni. Ku Malawi kuno kulibe chipululu, ndipo zipululu zomwe tayandikana nazo ndi Kalahari, yomwe gawo lake lalikulu lili ku Botswana, ndi Namib ya ku Namibia. Komabe aliyense amene anayendapo m'tinjira ta m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi Nkhotakota mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, akudziwa kuti mchenga wotitimiritsa galimoto, kutentha ndi ludzu tili nazo zokwanira kuti munthu aphunzire luso lonse la m'chipululu. Kusiyana kwake n'kwakuti mchenga wa kuno uli ndi eni ake, omwe ndi asodzi, alimi, ana opita kusukulu ndi ziweto zawo, ndipo pulani iliyonse ya ulendo wotere iyenera kuyambira pamenepo.

Sankhani nyengo ndi njira

Miyezi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, pomwe mitsinje yaphwa, madambo auma ndipo kutentha sikunafike poipa. Mu Juni ndi Julayi mwera umawomba kwambiri kunyanja, choncho tenti imafuna kumangidwa molimba. Okutobala ndi Novembala amatheka kwa anthu ozolowera okha. Mvula ikangoyamba ulendowu uiwaleni, chifukwa dothi la makande lomwe lili m'madambo a ku Salima likanyowa limamata matayala mpaka galimoto yamphamvu imangotsetsereka popanda chogwira.

Kuchokera ku Lilongwe, msewu wa M14 umakufikitsani ku Salima pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo pa Kaphatenga mumakumana ndi msewu wa M5 wolowera ku Nkhotakota kudzera ku Benga ndi Chia. Msewu wa M5 ndiwo msana wa ulendo wanu. Mukapatuka kulowera kum'mawa mupeza tinjira ta mchenga topita kumadoko a asodzi, pomwe kumadzulo kuli misewu ya miyala yokwera mapiri. Kwa oyamba kumene, dera la Senga Bay ndi Lifuwu ndi lokwanira, popeza mchenga ulipo ndithu koma amakaniko ndi chipatala sizili patali.

Pezani chilolezo musanakhome chikhomo chilichonse

Njira yosavuta ndi kugona pamalo ogona alendo amene amalola matenti, omwe alipo ku Senga Bay ndi m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, n'kumayenda masana okha. Ngati mukufuna kugona pagombe la mudzi, fikirani kwa amfumu dzuwa likanali m'mwamba. Zimitsani injini patali ndi bwalo, vulani chisoti, khalani pansi pomwe akuonetsani, ndipo mukalonjerana nenani mwaulemu kuti, "Zikomo amfumu, ife ndi alendo ochokera ku Lilongwe, timapempha malo oti tigonepo usiku umodzi kunyanjaku." Kangachepe koperekedwa ndi manja awiri n'koyenera. Phindu lake ndi lalikulu kuposa mtengo wake, chifukwa amfumu kapena nduna yawo ndi amene angakuuzeni pomwe pamatulukira mvuu, doko lomwe kuli ng'ona, ndi mnyamata wokhulupirika amene angakulondereni katundu.

Mukaona kankhalango ka mitengo ikuluikulu kotsala pakati pa minda, musakopeke ndi mthunzi wake. Kawirikawiri amenewo ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa malo ngati amenewo amakhalanso dambwe la Gule Wamkulu. Kulowamo ndi njinga, kutolamo nkhuni kapena kujambulamo zithunzi ndi mlandu wa kubwalo.

Ku nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota malamulo ndi ena. Nkhalangoyi, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munalowetsedwa njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete. Mmenemo galimoto imayenda m'misewu yovomerezeka yokha, ndipo kugona n'kwa m'malo okhazikitsidwa. Nkhani ya njinga zamoto muifunse kwa oyang'anira musananyamuke kunyumba, ngakhale kuti munthu woganiza bwino sangafune kukumana ndi njovu ya mwana ali panjinga.

Konzani galimoto, njinga ndi katundu

Musapite ndi galimoto imodzi. Ziwiri ndiye chiyambi, kuti ina ikatitimira inzake ikoke, ndipo zikhale zokoka ndi matayala onse anayi komanso zotalika pansi, monga Hilux kapena Land Cruiser. Makaniko aone redieta, mapaipi a madzi, lamba wa injini, mabuleki ndi batire. M'galimoto mukhale fosholo, jeke ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo, chingwe chokokera, pampu, geji yoyezera mpweya, ndi tayala lapadera lomwe mwaliyeza nokha. Njinga iliyonse ikhale ndi machubu apadera, zigamba, pulagi ndi masipanala ake, chifukwa minga ya mthethe m'derali siisowa. Wokwera akhale ndi laisensi yake, chisoti chotseka nkhope yonse, magalasi oteteza fumbi, magolovesi, nsapato zofika m'miyendo ndi zoteteza mawondo.

Madzi akumwa muwerengere malita osachepera 5 pa munthu aliyense patsiku, osaphatikiza ophikira ndi a m'redieta, ndipo okwera njinga amafuna oposa pamenepo. Agaweni m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikaboka musatayikidwe onse. Tengani mapaketi a Thanzi ORS ndi mankhwala othira m'madzi a m'nyanja kapena a pachitsime. Mafuta thirani odzadza ku Salima kapena ku Nkhotakota boma, pokumbukira kuti injini imamwa kwambiri mumchenga kusiyana ndi pa tala. Uzani wachibale njira yanu ndi tsiku lobwerera, ndipo mukhale ndi malayini onse awiri, a TNM ndi a Airtel, chifukwa pomwe ina sikugwira nthawi zina inzake imagwira.

Kuyendetsa mumchenga

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, poganiza kuti mchenga umagonja ndi mphamvu ya injini. Chomwe chimathandiza kwenikweni ndi mpweya wa m'matayala. Musanalowe mumchenga imani pamalo olimba n'kuphwetsa matayala onse anayi kuchoka pa mabaa 2.2 kapena 2.4 omwe mumayendera pa tala (baa ndi muyeso wa mpweya pa geji) kufika pa 1.5, ndipo mchenga ukakhala wofewa kwambiri mutha kutsitsa mpaka 1.2. Tayala lophwerako limatalika pomwe lagunda pansi, motero kulemera kwa galimoto kumagawikana pamalo aakulu ndipo imayenda pamwamba m'malo mokumba. Mukatsitsa mpweya kufika pansi pa baa 1 tayala likhoza kuvuka pa limu, makamaka mukakhota mwadzidzidzi, choncho ndi matayala ophwetsa yendani pang'onopang'ono ndipo muzikhota mozungulira patali.

Lowetsani giya ya matayala anayi mukanali polimba, ndipo ngati galimoto yanu ndi ija yakale yotsekera mahabu a matayala akutsogolo pamanja, tsikani mukatseke. Pa mchenga wakuya gwiritsani ntchito magiya otsika, yachiwiri kapena yachitatu, ndipo musankhe giyayo musanalowe, chifukwa mukaponda kilatchi pakati pa mchenga galimoto imaima nthawi yomweyo. Phazi likhale pa moto umodzimodzi. Pofuna kuima ingochotsani phazi, mchenga ukuimitsani wokha, pakuti buleki yamphamvu imaunjika mulu kutsogolo kwa tayala lililonse ndipo pofuna kunyamuka mudzayamba ndi kukwera mulu umenewo. Ngati pali potsetsereka, imani mutaloza kumunsi. Mchenga umakhala wolimba m'mamawa ukanali wozizira, ndipo pofika masana umasanduka ngati ufa woyera, choncho malo ovuta muwadutse dzuwa lisanakwere.

Panjinga, chovuta ndi mantha. Tayala lakutsogolo likayamba kugwedezeka, thupi limafuna kuchepetsa moto ndi kugwira buleki yakutsogolo, ndipo zimenezi ndi zomwe zimagwetsa munthu, chifukwa kulemera konse kumapita kutsogolo tayala n'kumira. Imirirani pa zopondera, panani njinga ndi mawondo, kokerani thupi kumbuyo pang'ono, manja akhale omasuka pa chiwongolero, ndipo maso ayang'ane komwe mukupita osati pansi pa tayala. Yendani pa giya yachiwiri ndi moto wokhazikika, ndipo njinga ikagwedezeka onjezerani moto pang'ono. Kuti muone kuti zimenezi n'zoona, imani pa njira yopita kudoko lililonse muyang'ane akabaza ozolowera atanyamula madengu a usipa: samenyana ndi chiwongolero, amachisiya chizisewera m'manja mwawo moto osausintha. Njinga zopangidwira m'tchire, zomwe zili ndi chotsekera tayala ku limu, zimatha kuyenda ndi mpweya wa pafupifupi baa 1, koma njinga wamba musaiphwetse kwambiri chifukwa tayala limazungulira pa limu n'kudula valavu ya chubu.

Mukayandikira mudzi tsitsani liwiro kufika poti fumbi lisadzuke. Pagombe pamakhala maukonde oyalidwa, zingwe za mabwato zokwiririka mumchenga ndi matandala oanikapo usipa, ndipo fumbi la njinga zitatu likhoza kuwononga nsomba za banja lonse. Ana amathamangira phokoso la injini, ndipo amatulukira paliponse. Malo oyeserera luso mufunse eni mudzi akuonetseni.

Mukatitimira

Matayala akangoyamba kuzungulira pamalo amodzi chotsani phazi msanga, chifukwa kupitiriza kumangokumbira galimoto dzenje mpaka mimba yake itakhala pansi. Yesani kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono m'mapazi momwe munadzera. Zikakanika phwetsaninso matayala pang'ono, tsitsani anthu ndi katundu wolemera, ndipo kumbani ndi fosholo kuchotsa mchenga ku matayala onse anayi ndi pansi pa galimoto, n'kusiya kanjira kotsetsereka bwino. Ikani matabwa kapena mphasa za m'galimoto pansi pa matayala. Ngati mimba yagunda, kwezani ndi jeke ili pathabwa, kwirirani dzenje la tayala lililonse, kenako tsitsani.

Pokoka ndi galimoto ina, chingwe chimangidwe pa zingowe zomangirira ku chesesi. Musachikoleke pa kampira kokokera ngolo, chifukwa kakathyoka kamauluka ndi liwiro loti n'kupha munthu. Oonerera onse, makamaka ana, aime patali kuposa kutalika kwa chingwecho. Anyamata a m'mudzi akabwera kudzakankha, gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, kuti pomaliza pasakhale kukangana.

Kumanga msasa

Fikani pamalo ogona kukanali kowala. Pewani khwawa la mtsinje ngakhale louma, pewani bango, ndipo musamange tenti pa kanjira kopondedwa kochokera m'madzi kupita kumtunda, chifukwa n'kutheka kuti ndi njira ya mvuu popita kukadya usiku. Pomwe mitsinje ngati Linthipe ndi Bua imathirira m'nyanja, komanso ku Chia, ng'ona n'zosayamba, choncho kusamba madzulo m'malo otere kulekeni. Madzi odekha a m'mabango ndiwonso amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo.

Zikhomo wamba za tenti sizigwira mumchenga. Mangani chingwe pakati pa kamtengo kapena pa thumba lodzadza mchenga, likwirireni mozama n'kupondapo, ndipo imikani galimoto kumbali yochokera mphepo. Galimoto yotentha musaiimike pa udzu wouma, chifukwa paipi ya utsi ikhoza kuyambitsa lupsa. Aliyense agone m'neti chifukwa malungo m'maboma a kunyanja ndi ochuluka, ndipo m'mawa gwedezani nsapato musanavale poopa zinkhanira.

Phikirani pa mbaula ndi makala kapena nkhuni zomwe mwabwera nazo. Pochoka zimitsani moto ndi madzi mpaka phulusa lizizire, osangoukwirira, chifukwa makala okwiriridwa mumchenga amasunga moto kwa maola ambiri pamwamba posaoneka kanthu, ndipo woyamba kupondapo amakhala mwana wopanda nsapato. Mabotolo, zitini ndi oilo wakutha bwererani nazo.

Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire ndi kukokana kwa minofu chifukwa cha kutentha, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ndi kumumwetsa Thanzi pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosamveka musadikirenso, thamangirani naye kuchipatala. Kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kuli kashembe, ntchentche yoluma yofalitsa kaodzera, yemwe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda komanso galimoto yoyenda, choncho tsekani mawindo ndi kuvala zovala zotuwira. Mukadwala malungo osamva mankhwala mutabwerako, auzeni adokotala komwe munali kuti ayezenso matenda a kaodzera.

Pobwerera

Musanakwere pa tala popani matayala abwerere pa mlingo wake, chifukwa tayala lophwa likathamanga pa M5 limatentha n'kuphulika, ndipo chotsani giya ya matayala anayi. Kunyumba tsukani pansi pa galimoto, chotsani udzu womwe wakodwa ku paipi ya utsi ndi ku redieta, ndipo sefa ya mpweya muitsuke kapena muisinthe. Tcheni cha njinga muyambe mwachitsuka musanachithire mafuta, pakuti mchenga ukasakanikirana ndi girisi umadya mano a magiya a tcheniyo mofulumira. Ngati munasambako m'nyanja, pitani kuchipatala pakatha miyezi iwiri mukayezetse likodzo.