Mmene tinakonzera pempho la ndalama za kafukufuku wa malungo ku Angónia

Vuto linali nthawi. Fundo Nacional de Investigação, bungwe la boma la Mozambique lopereka ndalama za kafukufuku, ikalengeza mpikisano wa ndalama, tsiku lotseka limakhala lokhazikika, pomwe kafukufuku wokhudza anthu sangayambe popanda chilolezo cha komiti ya bioética, yomwe imaonetsetsa kuti anthu olowa m'kafukufuku akutetezedwa, ndipo chilolezocho sichituluka sabata imodzi.

Tinayamba ndi chilolezocho mpikisano usanalengezedwe. Tinalemba protocolo yonse (ndondomeko ya mmene kafukufuku adzachitikire) m'Chipwitikizi, tinatenga kalata yovomereza ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo cha Tete, momwe muli Angónia, kenako tinatumiza zonse ku komiti. Pepala lomwe wodwala amasainira tinalimasulira m'Chichewa, tinasiyanso malo odinda chala ndi a mboni. Apa musachite mwachidule. Tinawerengera amayi angapo pepalalo mokweza, ndipo paliponse pomwe anakwinya nkhope, makamaka pa nkhani yotenga magazi, tinalembanso.

Bajeti ikhale m'meticais, chinthu chilichonse pamzere wakewake: mafuta a galimoto, zida zoyezera malungo, bokosi loziziritsira magazi, malipiro a omasulira. Misewu ya kumidzi imavuta kuyambira Disembala mpaka Malichi, pomwenso malungo amachuluka, choncho tinawonjezera masiku ndi mafuta pa miyezi imeneyo, nkulemba chifukwa chake pambali.