Aircon ya m'nyumba ya lendi ku Joni: kuisamalira kumadya ndalama zingati?

Ngati mwapeza nyumba kapena fulati yokhala ndi aircon ku Durban, Pretoria kapena Johannesburg, musanafunse za mtengo wa sevisi yambani mwadziwa kuti wolipira ndani. Malamulo a lendi a ku South Africa amati kusamalira nyumba ndi udindo wa mwiniwake, koma mapangano ambiri a lendi amasiyira wokhalamo tintchito ting'onoting'ono monga kutsuka masefa, ndipo ena amalemba poyera kuti sevisi ya chaka ndi chaka ndi yanu. Tsiku lolowa, poyendera nyumba ndi landilodi, yatsani aircon kwa mphindi 15. Ikamadontha madzi, kulira kapena kutulutsa mpweya wofunda, jambulani ndipo zilembedwe pa pepala loyenderalo. Mukapanda kutero, vuto lomwe munalipeza lidzadulidwa pa dipoziti yanu potuluka. Mukasemphana ndi landilodi, ku Rental Housing Tribunal (bwalo la milandu ya lendi) ya m'chigawo chanu amaweruza nkhani zotere kwaulere.

Aircon yomwe imapezeka kwambiri m'nyumba ndi ya zigawo ziwiri: china chili pakhoma m'chipinda, china chili panja, ndipo zimalumikizidwa ndi mapaipi awiri a kopa. Sevisi wamba ya makina otere, a 9,000 kapena 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsa), kawirikawiri imakhala pakati pa R500 ndi R900 pa makina amodzi. Akakhala awiri kapena atatu m'nyumba imodzi, nenererani, chifukwa ulendo wa mmisiri ndi umodzi womwewo. Kutsuka kozama, komwe amamangirira thumba pansi pa chigawo cha m'nyumba n'kupopera mankhwala ndi madzi, kumafika R1,000 mpaka R1,500. Funsani zinthu ziwiri pa foni pomwepo: ngati mtengowo waphatikiza VAT ya 15%, komanso ngati pali ndalama ina yolipirira kubwera kwake kokha. Ambiri amadzidzimuka pamenepa lisiti ikatuluka.

Sevisi yeniyeni si ya mphindi khumi chabe. Mmisiri ayenera kutsuka masefa ndi tizitsulo topyapyala toziziritsa mpweya tomwe tili kuseri kwa masefawo, kupukuta fani yaitali yozungulira ya m'katimo, kutsegula paipi yotulutsa madzi, kutsuka chigawo cha panja, kumangitsa mawaya, kuyeza capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kothandiza mota kuyenda) ndi magetsi omwe kompuresa (pampu yozunguza gasi woziziritsa) ikukoka. Pomaliza ayeze kutentha kwa mpweya wolowa ndi wotuluka. Makina abwino amasiyanitsa ndi madigiri 8 mpaka 12. Zonsezi zimatenga pafupifupi ola. Wongotsuka masefa n'kulemba lisiti wakulipiritsani ntchito yomwe mukanaigwira nokha.

Ndipo ntchito ya masefayi igwireni nokhadi, milungu iwiri kapena itatu iliyonse m'nyengo yomwe aircon ikuyaka tsiku ndi tsiku. Zimitsani pa rimoti ndi pa switchi ya pakhoma. Kwezani chivundikiro cha kutsogolo, solotsani masefa awiri aja, atsukeni ndi madzi ofunda pang'ono, madzi akuchokera ku mbali yoyera kuti fumbi libwerere komwe linalowera. Ngati ali ndi mafuta, makamaka m'chipinda chimodzi chomwe mumaphikiramonso, thirani dontho la sopo wotsukira mbale. Ayanikeni pamthunzi, chifukwa dzuwa ndi madzi otentha zimapinda pulasitiki. Aume kaye musanawabwezere. Sefa yonyowa imabala nkhungu ndi fungo la nsanza.

Chifukwa chake sefa ili yofunika chotere n'chakuti mpweya ukamavutika kudutsa, tizitsulo toziziritsa tija timazizira mopitirira mpaka kuundana ayisi. Ayisiyo amatsekeratu njira ya mpweya, chipinda sichizizira, kompuresa imangolimbana osapuma, ndipo mukazimitsa ayisi amasungunuka n'kutsikira pakhoma. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kunena kuti gasi watha, chonsecho vuto ndi fumbi.

Pa gasi m'pamene ndalama za anthu zimathera. Gasi wa mu aircon sali ngati wophikira kapena petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, satha ndi kugwiritsa ntchito. Akachepa ndiye kuti penapake pakutuluka, kawirikawiri pa manati olumikizira mapaipi a kopa. Mukaona mafuta atadetsa fumbi pa manatiwo, kapena ayisi pa paipi yaing'ono ya panja, chizindikiro ndi chimenecho. Kudzaza gasi kumayambira cha m'ma R800 mpaka kupitirira R2,000 kutengera kukula kwa makina ndi mtundu wa gasi. Mmisiri wokuuzani kuti muziwonjezera gasi chaka chilichonse, osafufuza potulukira, akukutungitsani madzi m'dengu. Woyenera amapeza potulukapo, amakonza, amakoka mpweya wonse ndi pampu, kenako amadzaza gasi poyeza pa sikelo mogwirizana ndi magalamu olembedwa pa kapepala ka m'mbali mwa chigawo cha panja.

Kapepala komweko kamanenanso mtundu wa gasi: R22, R410A kapena R32. Mitunduyi sasakaniza. R22 ndi wa makina akale ndipo akuthetsedwa pang'onopang'ono motsatira pangano la Montreal la 1987, motero akusowa ndi kudula. R32 amatha kuyaka, choncho si wa wina aliyense wokhala ndi sipanala. Ku South Africa wogwira ntchito ya gasi ameneyu ayenera kukhala wolembetsedwa ku SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri a gasi, ndipo amakhala ndi khadi. Lipempheni mulione. Pali abale athu ena aluso ndithu pa zamagetsi, ndipo kuwapatsa ganyu yotsuka si kulakwa, koma makina akakhala a landilodi kapena akadali pa waranti, kuwatsegulitsa mapaipi kwa munthu wopanda khadi kungakusenzetseni mlandu wonse.

Madzi akamadontha m'nyumba pamene masefa ali oyera, paipi yotulutsa madzi yatsekeka ndi ndere. Pitani panja mukaone ngati kukamwa kwake kukudontha aircon ikuyaka. Ngati kuli gwa, nthawi zambiri kukoka ndi vacuum yokoka madzi kumatsegula. Musasiye dontho ili kwa mwezi. Penti ndi matabwa a pansi zikawonongeka, kukonza kwake kumaposa sevisi kangapo.

Chigawo cha panja chimafuna mpweya basi. Musaunjikepo makatoni, njinga kapena katundu wodikira thiransipota wopita kumudzi, ndipo musayanike zovala pamwamba pake. Siyani mpata wosachepera theka la mita kutsogolo kwa fani. Ku Gauteng mphepo ya mu Ogasiti imadzazamo fumbi, ndipo mu Okutobala maluwa a jacaranda amagweramo. Zimitsani magetsi, tsukani ndi paipi ya madzi yopanda mphamvu kwambiri. Makina opopera madzi mwamphamvu, otsukira magalimoto aja, amapinda tizitsulo. Ku Durban ndi ku Cape Town mchere wa m'nyanja umadya chitsulo, kotero kumeneko tsukani ndi madzi abwino mwezi ndi mwezi ndipo sevisi ikhale kawiri pa chaka. Bokosi la mawaya musalitsegule, chifukwa capacitor imasunga magetsi ngakhale mwazimitsa.

Magetsi akathima, kaya ndi load shedding kaya vuto la m'dera, zimitsani aircon pa switchi ya pakhoma. Akabwera dikirani mphindi zisanu. Magetsi obwera mwamphamvu amawotcha bolodi yoyendetsa makina a inverter (omwe kompuresa yake imasintha liwiro), ndipo bolodi ndi ya masauzande angapo a marandi, pamene capacitor ya makina wamba ndi ya mahandiredi chabe. Kompuresa ikapsa pa makina a zaka zoposa khumi, ndi bwino kugula atsopano kusiyana ndi kukonzetsa.

Palinso ndalama ina yomwe siioneka pa lisiti ya mmisiri, koma pa mita ya prepaid. Aircon ya 12,000 BTU imakoka pafupifupi yuniti imodzi pa ola kompuresa ikamayenda, ndipo yakuda imayenda nthawi yaitali kuti ifike pomwe yoyera imafika msanga. Ikani pa madigiri 24, osati pa 16. Kuika pa 16 sikufulumizitsa kuzizira, kumangochititsa kompuresa kuti isapume. Tsekani mazenera ndi makatani a mbali ya dzuwa.

Sevisi ya chaka itanitsani mu Ogasiti kapena Sepitembala, kutentha kusanayambe. Pofika Novembala amisiri amakhala atadzaza, ndipo cha pakati pa Disembala makampani ambiri amatseka mpaka Januwale. Sungani lisiti iliyonse yosonyeza tsiku, ntchito yomwe yagwiridwa ndi kuchuluka kwa gasi ngati anathira, ndipo chithunzi chake mutumizireni landilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo.